Kodi Rendle ndani, ndipo akufunanji pa dzina la mkungudza wathu?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Phalombe. Iwo akuti: "Ndinatengera ana asukulu ku nazale ya mikungudza m'munsi mwa phiri. Pachikwangwani panalembedwa kuti Widdringtonia whytei Rendle. Mwana wina anandifunsa kuti Rendle ndani, ine kukamwa kunangoti yasa. Kodi ameneyu ndiye anatulukira mtengowu? Nanga bwanji mtengo wa fuko lathu uli ndi mayina a azungu okhaokha, ndipo kodi sangasinthidwe?"

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumusamale, ali ndi maso. Anthu ambiri amawerenga mawu awiri oyambawo n'kulumpha lachitatu, pamene nkhani yonse yagona pa lachitatulo. Pachikwangwanicho pali anthu atatu osiyana, ndipo mwa atatuwo ndi mmodzi yekha amene anakwera phiri la Mulanje kukathyola nthambi ya mtengowu. Ameneyo si Rendle.

Dzina la chomera mu sayansi limayenda ngati mmene ife timatchulirana. Liwu loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda, limene abale onse amagawana. Lachiwiri ndi dzina la mwiniwakeyo payekha. Zikatha ziwirizo pamabwera dzina la munthu amene analemba koyamba kufotokoza chomeracho motsata malamulo, n'kusindikiza. Njira ya mayina awiriyi anaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'buku lake la Species Plantarum la mu 1753, ndipo iyeyo anatcha zomera zambiri moti dzina lake analifupikitsa kukhala chilembo chimodzi chokha. Chimanga chili m'nkhokwe mwanumo ndi Zea mays L., mlambe ndi Adansonia digitata L. Kachilembo L. kameneko ndi Linnaeus. Choncho Rendle pa mkungudza ali ngati siginecha pansi pa kalata, kusonyeza amene analemba, amenenso tingamugwire ngati analakwitsa.

Alfred Barton Rendle anabadwira ku Lewisham, mu London, mu Januwale 1865. Anaphunzira za zomera ku St John's College ku Cambridge, ndipo mu 1888 analowa ntchito ku dipatimenti ya zomera ya British Museum, imene lero timaidziwa kuti Natural History Museum. Sanachokenso pamenepo. Anakwera mpaka kukhala mkulu wa dipatimentiyo kuyambira 1906 mpaka pamene anapuma mu 1930, anakhalaponso pulezidenti wa Linnean Society, bungwe la akatswiri a zomera ndi nyama, kuyambira 1923 mpaka 1927, ndipo anamwalira mu Januwale 1938. Ntchito yake yeniyeni inali ya patebulo. Ena ankapita kutchire, iye ankalandira mabokosi. Ankakonda kwambiri maudzu ndi abale ake, komanso mitengo yobereka makoni ngati paini ndi mkungudza, ndipo n'chifukwa chake nthambi ya ku Mulanje itafika ku London inagwera m'manja mwake.

Amene anaitumiza ndi Alexander Whyte, bambo wa ku Scotland amene anakhalapo zaka zambiri ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka. Harry Johnston atabwera kudzakhazikitsa boma la atsamunda mu 1891 anamutenga Whyte kuti aziyang'anira za zomera ndi nyama, ndipo ndi iyeyu amene anayambitsa munda wa zomera wa ku Zomba umene ulipo mpaka lero. Chakumapeto kwa chaka chomwecho cha 1891, ali ndi zaka zoposa 55, Whyte anakwera phiri la Mulanje n'kutola zomera zambirimbiri. Mukaganiza za njira za m'phirimo mudziwa kuti nkhalamba ya zaka zimenezo sinasenze yokha mapepala, matabwa oumitsira ndi mahema, komanso sinaidziwe yokha njira. Panali amtengatenga, panali olondolera. Pa dzina la mtengo palibepo ngakhale mmodzi wa iwo.

Zomerazo zitafika ku London anazigawana akatswiri a ku British Museum: James Britten, Edmund Baker, Rendle ndi anzawo ena. Zimene anapeza zinatuluka mu 1894 m'magazini ya Linnean Society, pa mutu wonena za zomera za ku "Milanji", pakuti umu ndi mmene azungu a nthawi imeneyo ankalembera Mulanje. M'menemo ndi mmene dzina lakuti Widdringtonia whytei linaonekera koyamba. Rendle anali asanakwanitse zaka 30, ndipo mtengowu anali asanauonepo uli chiimire.

Mwina mukudabwa kuti munthu angatche bwanji mtengo umene sanauone. Ndikufotokozereni mmene ntchitoyi imakhalira, chifukwa lero lino sinasinthe kwenikweni. Wotola amadula kanthambi kotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kuchala, kokhala ndi masamba ndi zipatso kapena maluwa. Amakagoneka pakati pa nyuzipepala, n'kukapanikiza ndi matabwa awiri omangidwa ndi malamba. Nyengo ya mvula mapepalawo amafunika kusintha tsiku ndi tsiku, apo ayi mukatsegula mupeza zonse zachita nkhungu, thukuta lanu lapita pachabe. Kanthambiko kakauma amakamata papepala lolimba, pakona n'kuikapo kachikalata konena amene anatola, malo, tsiku, ndi mmene mtengo unkaonekera. Pepala limeneli ndi limene limafika kwa katswiri. Iye amatenga duwa louma lija, kuliviika m'madzi otentha kuti lifewe, n'kuling'amba ndi singano pansi pa galasi lokulitsa. Amawerenga, amayeza, kenako amatsegula makabati n'kuyamba kuyerekeza ndi mapepala ena onse a abale a chomeracho amene anatoledwa kale kumayiko ena. Luso lake lili pamenepo. Munthu wa ku Mulanje ankaudziwa mkungudza kuposa Rendle kutalitali, fungo lake, thabwa lake, kumene umamera. Chimene Rendle anali nacho ndi makabati. Ankatha kuika nthambi ya ku Mulanje pambali pa nthambi za ku Cape, ku South Africa, n'kuona kuti ndi pachibale, koma si mtengo umodzi.

N'chifukwa chake sanapeke mfunda watsopano. Dzina lakuti Widdringtonia linalipo kale, analipanga ndi Stephan Endlicher wa ku Vienna mu 1842, potchula mitengo ya ku South Africa, ndipo ankalemekeza Samuel Edward Widdrington, kaputeni wa sitima zankhondo za ku Britain amene ankakonda kuphunzira mitengo ya mtundu wa paini ku Spain. Bamboyu anamwalira mu 1856, Livingstone asanaione n'komwe nyanja yathu. Ndiye pa anthu atatu aja, uyu ndiye alibiretu nawo gawo mkungudza wa ku Mulanje, anangolowamo chifukwa cha ubale wa mitengo. Rendle anangowonjezerapo whytei, chimene m'Chilatini chikutanthauza "wa Whyte".

Pepala limene Rendle anagwiritsa ntchito limakhala ndi udindo wapadera. Akatswiri amalitcha type, ndipo dzina limamangiriridwa pa pepala limenelo mpaka kalekale. Pakabuka mkangano woti kodi mtengo wakutiwakuti ndi whytei kapena ayi, mboni yomaliza ndi kanthambi kouma kaja ka mu 1891. Mukadzapeza mpata muwatengere ana anuwo ku National Herbarium ku Zomba, akaone mmene mapepala oterewa amasungidwira. Ambiri amayembekezera kuona maluwa okongola, amakapeza makabati ndi masamba ofiirira, koma akangouzidwa kuti tsamba ili linathyoledwa agogo awo asanabadwe amangoti zii.

Tsono pa mawu oti "anatulukira", ine ndimawakana. Mtengo umene anthu anaupatsa kale dzina, ena amati mkungudza ena mkungusa, sungatulukiridwe ndi munthu wobwera. Akulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Rendle kanalidi kakuthwa, koma mutu wometedwawo unali ndi eni ake. Mwanayo mumuuze kuti Whyte anatola, Rendle anafotokoza ndi kulembetsa m'kaundula wa sayansi. Amenewo ndiwo mawu oona.

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa ana amene amapita ku Sande sukulu adzakufunsani ndithu. Mikungudza ya ku Lebanoni imene Solomo anamangira kachisi si mtengo uwu. Imene ija ndi Cedrus libani, ya m'banja la paini. Wathuwu uli m'banja lina, limodzi ndi mitengo ya saipuresi imene anthu amadzala m'mipanda. Omasulira Baibulo anabwereka dzina la mtengo wathu chifukwa unali wofanana nawo pa fungo ndi pa ulemu, monganso Angerezi anabwereka dzina la cedar n'kuuveka wathuwu. Apa ndi pamene dzina la sayansi limathandizira: mayina a m'zilankhulo amabwerekanabwerekana, koma Widdringtonia whytei ndi mtengo umodzi wokha padziko lonse.

Mkungudza si chomera chokha cha ku Mulanje chimene chili ndi siginecha ya Rendle. M'nkhani yomweyo ya 1894 anatchanso Podocarpus milanjianus, ndipo apa dzina likulemekeza phiri lenilenilo, pakuti milanjianus ndiye kuti "wa ku Mulanje". Chosangalatsa n'chakuti pambuyo pake zinadziwika kuti mtengo umenewu uli m'mapiri ambiri a mu Africa, ku Kenya, ku Uganda mpaka ku Cameroon. Lero wa zankhalango wa ku Mount Kenya akamalemba dzina la mtengo wa kwawo amalemba Mulanje osadziwa. Dzina silinena kumene chomera chimapezeka konse, limangonena kumene anayamba kuchitola. Anatchanso cheyo, chomera chija chimamera pamiyala m'phiri, cha tsinde la ulusiulusi limene amayi amatsukira mapoto ndi kusesera, chimene chimatulutsa maluwa oyera akuluakulu mvula ikayandikira. Rendle anachitcha Vellozia splendens, ndipo splendens ndiye kuti chowala, chokongola. Patapita zaka akatswiri anaona kuti mfunda wa Vellozia ndi wa zomera za ku South America, za kuno n'za mfunda wa Xerophyta. Katswiri wa ku Brazil, Nanuza de Menezes, ndiye anachisamutsa, ndipo lero chimalembedwa kuti Xerophyta splendens (Rendle) N.L.Menezes. Mukaona dzina la munthu lili m'mabulaketi chonchi, dziwani kuti ameneyo ndi amene anayamba kutcha, ndipo wakunjayo ndi amene anasamutsa. Rendle naye anawachitapo ena zomwezo. Udzu wonunkhira umene amapangira mafuta othamangitsa udzudzu a citronella umalembedwa kuti Cymbopogon nardus (L.) Rendle: Linnaeus anatcha, Rendle anasamutsa mu 1899, pamene ankalongosola zomera zimene Friedrich Welwitsch anatola ku Angola.

Ntchito zake zina sizikutikhudza kwambiri. Analemba limodzi ndi William Fawcett mabuku a zomera za ku Jamaica kuyambira 1910, ndiponso buku la magawo awiri la kasanjidwe ka zomera za maluwa, loyamba mu 1904, lachiwiri mu 1925, limene ophunzira a m'mayunivesite anagwiritsa ntchito zaka zambiri.

Chimene ndikufuna muwauze ana mwachifatse ndi ichi, chifukwa chikuonetsa kuti dzina si chokongoletsera chikwangwani. M'phiri la Mulanje muli mitundu iwiri ya Widdringtonia. Wina ndi whytei, mkungudza weniweni: thunthu limodzi lowongoka, lotalika mamita 40 ukakula bwino, khungwa lochindikala lofewa ngati siponji, nthambi zotambalala kumwamba. Winayo ndi Widdringtonia nodiflora, wamfupi, nthawi zambiri wa mathunthu angapo ochokera pa chitsa chimodzi, umene umapezekanso ku Mozambique, ku Zimbabwe mpaka ku Cape. Pa nthambi youma ya papepala mitengo iwiriyi imafanana kwambiri. Masamba onse ndi timamba tating'ono tokanirira ku nthambi, makoni onse ndi timibulu touma tong'ambika panayi. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wina wa ku South Africa anayang'ana mapepalawo n'kugamula kuti ndi mtengo umodzi, Rendle analakwitsa. Kwa zaka pafupifupi 30 mabuku ambiri anauika mkungudza wathu pansi pa dzina la m'bale wakeyo.

Taganizani zotsatira zake. Ngati mkungudza wa ku Mulanje uli chimodzimodzi ndi chitsamba chimene chili mbwee kuyambira kuno mpaka ku Cape Town, ndiye kuti ngakhale utatha m'phirimo dziko silinataye kanthu. Palibe angauike pa mndandanda wa zomera zimene zili pangozi, ndipo wotola mbewu za ku nazale alibe chifukwa chosankhira mtengo wotolapo. Ocheka matabwa okha ndi amene sanasokonezeke, iwo ankadziwa bwino lomwe mtengo wa thabwa ndi wopanda thabwa. Mu 1997 Anton Pauw ndi Peter Linder a ku yunivesite ya Cape Town anasindikiza zimene anapeza atakaiona mitengoyi m'phiri momwemo, ndipo anatsimikiza kuti ndi mitundu iwiri. Kusiyana kwakukulu n'kumene pepala louma silingaonetse: moto ukadutsa, nodiflora amaphukiranso pa chitsa, pamene whytei akapsa kapena kudulidwa ndiye kuti wapita, amadalira mbewu basi. Dzina la Rendle linabwerera. Mnyamata wa zaka 29 uja anaona zoona ndi kanthambi kamodzi, ngakhale kuti chifukwa chenicheni anadzachipeza ena patapita zaka zoposa 100.

Kungoti dzinalo linabwerera mtengo ukutha. Thabwa la mkungudza limanunkhira, chiswe sichilidya, silivunda msanga m'madzi, ndiye aliyense ankalifuna: omanga nyumba, okhoma maboti kunyanja, osema timabokosi togulitsa alendo. Atsamunda anayamba kucheka pasanathe zaka zambiri Whyte atatsika m'phiri. Phiri linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, Dr Kamuzu Banda anaulengeza kukhala mtengo wa fuko mu 1984, koma macheka sanaleke kulira. Powonjezera apo panali moto wolusa chaka ndi chaka, paini wa Pinus patula amene anadzalidwa n'kuyamba kulanda malo, ndi nsabwe za m'mitengo zoyamwa saipuresi zimene zinafika m'dziko muno chapakati pa zaka za m'ma 1980. Bungwe loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linauika m'gulu la zomera zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha m'phiri lonse. Mbande zimene ana anu anaona m'machubu ndi mbali ya ntchito yobwezeretsa imene a Mulanje Mountain Conservation Trust, a kafukufuku wa zankhalango ku FRIM ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri akhala akuchita. Pa nazale yotere funso loyamba la katswiri limakhala lakuti mbewu munatola pa mtengo uti, chifukwa mbande za mitundu iwiri ija zikadali zazing'ono n'zovuta kuzisiyanitsa.

Tibwere ku funso lanu lomaliza, loti kodi dzinali lingasinthidwe. Mayina a zomera ali ndi malamulo ake amene akatswiri a dziko lonse amagwirizana pa msonkhano waukulu umene umachitika pakatha zaka zingapo. Rendle yemweyo anali mmodzi wa anthu amene anathera moyo wawo pa malamulo amenewa, kuyambira msonkhano wa ku Vienna mu 1905 mpaka wa ku Cambridge mu 1930. Mutu wa malamulowo ndi wakuti dzina loyamba kusindikizidwa moyenera ndi limene limakhala. Silichotsedwa chifukwa choti silikutikomera, ngakhale chifukwa choti likunama ngati milanjianus wa ku Kenya uja. Limasintha ngati sayansi yaonetsa kuti chomera chili mu mfunda wolakwika, kapena kuti wina anali atachitcha kale. Pakanapanda lamulo louma chonchi bwenzi dziko lililonse likusintha mayina boma likasintha, ndipo wogula mbewu ku Lilongwe sakanamvana ndi wogulitsa ku Nairobi.

Komabe khomo linatseguka pang'ono. Pa msonkhano wa ku Madrid mu Julayi 2024 akatswiri anavota kuti mayina onse okhala ndi liwu lakuti caffra ndi ofanana nalo, lochokera ku mawu achipongwe onyozera anthu akuda, asinthidwe kukhala afra. Mfula wathu ndi umodzi mwa mitengo imene inakhudzidwa. Kumeneko kunali kuchotsa chitonzo. Dzina la whytei si chitonzo, ndi ulemu umene unapita mbali imodzi, ndipo ine sindikuona msonkhano uliwonse ukulichotsa. Kunena zoona sindingalimbikirenso kuti lichoke. Masuku amene ana amatola m'nkhalango ndi Uapaca kirkiana, kutengera John Kirk amene anayenda ndi Livingstone, ndipo palibe mwana amene analeka kuwatcha masuku chifukwa cha zimenezo. Chimene chimandiwawa ine ndi chikwangwani chimene chimalemba Chilatini ndi Chingerezi n'kusiya mkungudza, ngati kuti dzina la eni phiri ndi la kukhitchini. Ngati cha ku nazale kuja chili chotero, kawapempheni eni ake awonjezere.

Mpata wa mayina athu uli pa zomera zimene sizinafotokozedwebe, ndipo m'mapiri a Mulanje, Nyika ndi a tsidya lino la Mozambique monga Namuli ndi Mabu zikupezekabe. Amene wafotokoza ndiye amasankha dzina, ndipo lamulo silimukakamiza kuti lichokere ku Chilatini, akhoza kulitenga ku Chichewa, ku Chilomwe kapena ku Chiyao n'kulipatsa mchira wa Chilatini. Kuyambira pa 1 Januwale 2012 ngakhale kufotokoza kwenikweniko sikufunanso Chilatini monga kale, Chingerezi chikukwanira. Zofunika ndi pepala la type losungidwa mu herbarium yodziwika, kufotokoza kosiyanitsa chomeracho ndi abale ake, ndi kusindikiza.

Ngati mukufuna ana ayambe kuzolowera, simukusowa ndalama. Matabwa awiri, nyuzipepala zakale ndi malamba a mphira wa njinga zakwana. Asakathyole mkungudza, ayambe ndi zomera za kuseri kwa kalasi, chisoso, bonongwe, nthambi ya mthethe yokhala ndi maluwa. Pa kachikalata kalikonse alembe tsiku, malo, dzina lawo ngati wotola, ndi nambala. Kenako mzere umene pa mapepala ambiri akale mulibe: dzina la chomeracho m'chilankhulo cha pamudzipo, ntchito yake, ndi dzina la agogo kapena azakhali amene anawauza.